Pepala la nyimbo lili ndi mwini wake

Makwaya a m'boma la Mchinji amagawana nyimbo ndi anzawo a ku Zambia ngati momwe anthu amapalirana moto pamudzi. Koma kodi malamulo akuti chiyani pa nkhani yochita fotokope, kumasulira kapena kusintha nyimbo yomwe adapeka munthu wina?

Nyengo yokolola ikangotha, fodya ndi mtedza zitapita kumsika, matchalitchi a m'boma la Mchinji sagona tulo. Kuyambira kwa Kamwendo mpaka kwa Mkanda, ku Kapiri mpaka ku Waliranji, madzulo aliwonse kumamveka makwaya akusula mawu pokonzekera mafesitivo, maukwati ndi misonkhano ya chitsitsimutso.

M'manja mwa oimbawo mumakhala timapepala todzaza ndi zilembo d, r, m, f, s, l, t, timadontho ndi timizere. Nthawi zambiri pepalalo limakhala lotuwa, zilembo zina zitafufutika, chifukwa ndi fotokope ya fotokope inzake. Pamwamba pamakhala mutu wa nyimbo ndi kiyi yoimbira. Dzina la munthu amene adapeka nyimboyo ndiye simungalione.

Mukafunsa komwe nyimboyo idachokera, mumva zoti idabwera ndi mlendo, kapena kuti wina adaitenga ku Chipata, mwinanso kuti idangogwera pa gulu la WhatsApp la aphunzitsi a kwaya. Ambiri saonapo vuto. Komatu kuseri kwa pepala lililonse kuli munthu yemwe adachezera usiku kusanja mawu ndi manotsi, ndipo malamulo a dziko lino amamuzindikira munthuyo ngakhale oimba nyimbo yake sakumudziwa.

Solofa idabwera ndi amishoni

Kalembedwe ka nyimbo komwe makwaya athu amadalira, komwe ambiri amangoti solofa, kadachokera ku England. Mayi wina wa mumzinda wa Norwich, Sarah Glover, ndiye adayambitsa njirayi pofuna kuphunzitsa ana kuimba, ndipo mbusa John Curwen adaikonza ndi kuifalitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1840. Ubwino wake udali woti siifuna mizere isanu ndi zizindikiro zovuta zija. Zilembo wamba zimakwanira, choncho aliyense wodziwa kulemba angathe kuikopera pa bolodi kapena m'kope la sukulu.

Amishoni adabwera nayo njirayi kuno, ndipo dera la Mchinji, lomwe kale linkatchedwa Fort Manning, lidailandirira mbali zonse. A mpingo wa Dutch Reformed adakhazikika ku Mvera mu 1889, ndipo mu 1899 anzawo adatsegula mishoni ya Magwero kufupi ndi Chipata. Ansembe a White Fathers adafika ku Kachebere mu 1903, pamalire penipeni, pomwe mu 1939 padatsegulidwa seminale yaikulu. Buku la Nyimbo za Mulungu, lomwe lidayamba kusindikizidwa mu 1916, lidagwirizanitsa Akhristu olankhula Chichewa ndi Chinyanja mbali zonse ziwiri za malire.

Masiku amenewo nyimbo inkayenda pang'onopang'ono. Kuti kwaya ipeze nyimbo yatsopano, mphunzitsi amayenera kukhala pansi ndi kuikopera pamanja. Kenako kudabwera makina a Gestetner m'maofesi a mishoni, padzabwera fotokope, lero kuli foni ya m'manja yomwe imajambula pepala n'kulitumiza kwa anthu 200 m'kanthawi kochepa. Kukopera kudaphweka, ndipo dzina la mwini nyimbo lidayamba kusowa m'njira.

Lamulo likuti chiyani?

Malawi adakhazikitsa lamulo loteteza umwini wa luso mu 1989, ndipo kudzera m'lamuloli bungwe la Copyright Society of Malawi, lomwe ambiri amangoti Cosoma, lidayamba ntchito mu 1992. Likulu lake lili ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 110 kuchokera pa boma la Mchinji. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano lomwe lidalowa m'malo mwa lakale lija ndipo lidayamba kugwira ntchito mu 2017.

Mfundo yoyamba yofunika kuidziwa ndi yakuti umwini wa nyimbo sudikira kalata ya boma kapena chidindo. Munthu akapeka nyimbo yakeyake n'kuilemba papepala kapena kuijambula, nyimboyo yatetezedwa basi. Kaya wopekayo ndi katswiri wotchuka wa mumzinda, kaya ndi mphunzitsi wa pulayimale wa kwa Mavwere yemwe sadapondeko mu situdiyo, lamulo limawaona mofanana. Pepala likasowa dzina kapena chizindikiro chochenjeza, sizitanthauza kuti nyimboyo ndi yamasiye.

Lamuloli limapatsa mwini nyimbo ufulu wa mitundu iwiri. Woyamba ndi wa chuma. Iye yekha ndiye ali ndi mphamvu zololeza kuti nyimbo yake ichulukitsidwe, igulitsidwe, imasuliridwe m'chinenero china, isinthidwe kaimbidwe, iulutsidwe pa wailesi kapena iikidwe pa intaneti. Ufulu umenewu angathe kuugulitsa kapena kuubwereketsa, ndipo akamwalira umakhala mbali ya chuma cha masiye monga nyumba, munda kapena ng'ombe.

Ufulu wachiwiri ndi wa dzina ndi ulemu. Wopeka nyimbo ali ndi ufulu woti dzina lake litchulidwe pa ntchito yake, komanso wokana kuti nyimbo yake ipotozedwe mwa njira yomunyozetsa. Choncho munthu wodula dzina la mwini pamwamba pa pepala n'kulembapo lake walakwa kawiri: watenga chuma, watenganso mbiri ya mnzake.

Pa lamulo la 1989 chindapusa chachikulu kwa wopezeka wolakwa chidali K15,000, ndalama yomwe m'kupita kwa zaka idasanduka yoseketsa, moti oimba ankadandaula kuti akuba luso amalipira akumwetulira n'kubwerera kukapitiriza bizinesi. Lamulo la 2016 lidakweza chindapusa kufika mamiliyoni a makwacha, kuphatikizapo kukakhala kundende, ndipo mwini nyimbo angathenso kukasuma payekha kuti alipidwe chipukutamisozi.

"Koma bukuli ndidagula ndekha"

Apa ndi pomwe aphunzitsi ambiri a kwaya amasokonezeka. Munthu amaganiza kuti poti buku kapena pepala la nyimbo adagula ndi ndalama zake, angathe kuchita nalo chilichonse. Zoona zake n'zakuti chomwe adagula ndi pepala ndi inki. Nyimbo yomwe ili papepalapo idakali ya mwini wake. Zili ngati kubwereka munda: mungathe kulima chaka chimenecho, koma simungadule malire n'kuyamba kugawira abale anu.

Buku lomwe mudagulalo mungathe kuimbiramo, kubwereketsa mnzanu, kulipereka mphatso, ngakhale kulembamo ndi pensulo malo opumira ndi malo okweza mawu. Lamulo limalolanso munthu kukopera kope limodzi loti agwiritse ntchito iye yekha, popanda kupezerapo phindu. Palinso mpata wotenga kachigawo kochepa pophunzitsa m'kalasi kapena pothirira ndemanga, bola dzina la mwini litchulidwe. Anthu osaona nawo ali ndi mwayi wawo: Malawi adalowa m'pangano la Marrakesh mu 2017, lomwe limalola kusandutsa zolembedwa kuti zikhale m'zilembo za Braille.

Koma tiyerekeze kuti kwaya ili ndi anthu 40. Mphunzitsi wagula pepala limodzi, wapita nalo pa malo ochitira fotokope pa Kamwendo n'kutulutsa mapepala 40. Apa sitinganenenso kuti wakopera zoti agwiritse ntchito yekha. Wopeka nyimbo uja, yemwe akadagulitsa mapepala 40, wagulitsa limodzi. Makwaya 10 akachita chimodzimodzi kuchokera pa fotokope yomweyo, anthu 400 akuimba nyimbo yomwe mwini wake adalandirapo mtengo wa pepala limodzi lokha.

Nkhani yoteteza nyimbo zolembedwa si ya dzulo. Mu 1777, khoti la ku London lidagamula mlandu womwe Johann Christian Bach, mwana wa katswiri uja Johann Sebastian Bach, adasumira kampani ina yosindikiza chifukwa chogulitsa nyimbo zake popanda chilolezo. Woweruza, Lord Mansfield, adagamula kuti manotsi a nyimbo ndi zolembedwa monga buku lina lililonse ndipo ayenera kutetezedwa. Mfundo imeneyo ndiyo idafalikira m'maiko ambiri, kuphatikizapo athu ano.

Ku Malawi kuno Cosoma imaperekanso ziphaso zololeza kuchita fotokope kwa masukulu, makoleji ndi eni makina, ndipo ndalama zake zimagawidwa kwa alembi ndi osindikiza mabuku. Koma chiphaso chotere chimakhala ndi malire ake. Si khomo lotsegula kuti munthu achulukitse buku lonse la nyimbo n'kumakagulitsa pa khomo la tchalitchi.

Kusintha nyimbo ya mwini

Palibe mphunzitsi wa kwaya yemwe sadakhudzeko nyimbo ya wina. Masoprano akalephera kufika pamwamba, amatsitsa kiyi. Mabesi akachepa, amawapatsa mzere wosavuta. Zoterezi, zikuchitikira pa pulakatisi, si zimene zimautsa mapiri pachigwa.

Mlandu umayamba munthu akatenga nyimbo ya wina n'kuisanja mwatsopano m'mawu anayi, kuilemba papepala n'kuyamba kuigawa kapena kuigulitsa. Umayambanso akamasulira mawu ake kuchoka m'Chingerezi, Chibemba kapena Chizulu kupita m'Chichewa, kapena akachotsa mawu onse n'kuikamo ake pa chuni chomwecho. Mwa malamulo, zonsezi zimafuna chilolezo cha mwini nyimbo.

Chizolowezi chimenechi n'chofala. Chuni cha nyimbo yachikondi yomwe yavuta pa wailesi chimapezeka chavekedwa mawu auzimu. Nyimbo ya kwaya imapezeka yasanduka ya kampeni, dzina la Mulungu litachotsedwa n'kulowetsapo la ofuna mpando. Apa wopeka uja angadandaule pawiri, kuti ntchito yake yagwiritsidwa ntchito popanda chilolezo, komanso kuti yamuika pa mbali yomwe iye sadasankhe.

Komabe lamulo silinyoza luso la wosanja nyimbo mwatsopano kapena womasulira. Ngati wapempha chilolezo, kapena ngati nyimboyo ndi yakale yomwe chitetezo chake chidatha, zomwe iye wawonjezerapo zimakhala zake ndipo zimatetezedwa pazokha.

Chitsanzo chabwino ndi nyimbo yotchuka ija ya How Great Thou Art. Idayamba ngati ndakatulo yomwe Carl Boberg wa ku Sweden adalemba mu 1885, ndipo iye adamwalira mu 1940. Koma mawu a Chingerezi omwe dziko lonse limawadziwa adalemba ndi mmishoni wa ku Britain, Stuart Hine, yemwe adawasindikiza mu 1949 ndipo adamwalira mu 1989. Ndakatulo ya Boberg aliyense angathe kuimasulira mwaulere, pomwe mawu a Hine adakali otetezedwa. Nyimbo ndi imodzi, koma eni ake ndi awiri ndipo nthawi zawo n'zosiyana.

Zaka 50 pambuyo pa maliro

Chitetezo cha nyimbo sichikhala mpaka kalekale. Ku Malawi chimakhalapo moyo wonse wa wopeka, kuwonjezerapo zaka 50 iye atamwalira. Zakazi zikatha, nyimbo imasanduka ya aliyense. Mungathe kuikopera, kuimasulira, kuisanja mwatsopano ngakhale kuijambula popanda kupempha kapena kulipira munthu.

N'chifukwa chake makwaya omwe amakonda kudzionetsa ukatswiri pa fesitivo poimba Hallelujah Chorus alibe chodera nkhawa ndi mwini wake. George Frideric Handel adapeka nyimboyi mu 1741 ndipo adamwalira mu 1759. Chimodzimodzi nyimbo za Isaac Watts, Charles Wesley ndi Fanny Crosby, zomwe zidadzaza m'mabuku a mipingo yambiri. Womalizira kumwalira mwa atatuwa, mayi Crosby, adatisiya mu 1915.

Koma chenjezo lija la Hine likhale m'mutu. Nyimbo ikhoza kukhala yakale, pomwe kumasulira kwake, kasanjidwe ka mawu anayi kapena buku lomwe yasindikizidwamo zili zatsopano ndipo zili ndi eni ake. Buku la Nyimbo za Mulungu, mwachitsanzo, lili ndi olisindikiza ake, a bungwe la Claim, ndipo wolichulukitsa pa fotokope amawadyera masuku pamutu.

Tikawerengera oimba athu, chithunzi chimaoneka bwino. Daniel Kachamba adamwalira mu 1987, kutanthauza kuti nyimbo zomwe adapeka n'zotetezedwa mpaka mu 2037. Allan Namoko adamwalira mu 1995, choncho zake zifika mu 2045. Wambali Mkandawire adamwalira mu 2021 ndipo Lucius Banda mu 2024, moti zidzukulu zawo zidzakula nyimbo za agogo awo zidakali m'manja mwa banja kapena amene adapatsidwa umwiniwo. Imfa ya woimba simasula nyimbo zake.

Tsidya lina la malire

Anthu a ku Mchinji ndi a ku Chipata ndi amodzi. Achewa a mbali zonse amakakumana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo Angoni amakasonkhana ku Mtenguleni pa Nc'wala ya Inkosi ya Makhosi Mpezeni. Maukwati, maliro ndi misika zimawolotsa anthu tsiku ndi tsiku. Mawailesi a ku Chipata monga Breeze FM amamveka m'midzi ya m'malire, ndipo a tsidya linalo amatchera khutu ku wailesi ya Mudzi Wathu ya pa boma la Mchinji. Mu Disembala 2022 maiko awiriwa adatsegula chipata chimodzi cha Mchinji ndi Mwami kuti katundu ndi anthu azidutsa mosachedwa.

Kaamba ka ichi, ena amaganiza kuti nyimbo ikangowoloka malire ndiye kuti yathawa lamulo la kwawo. Sizili choncho. Maiko onse awiri adalowa m'pangano la Berne, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1886 ku Switzerland. Malawi adalowa mu 1991 ndipo Zambia idatsatira mu 1992. Mfundo yaikulu ya panganoli ndi yakuti dziko lililonse liteteze luso la mlendo monga momwe limatetezera la nzika zake.

Izi zikutanthauza kuti wopeka nyimbo wa ku Katete ndi wotetezedwa ndi lamulo la Malawi nyimbo yake ikamachulukitsidwa kwa Mkanda, ndipo wa ku Ludzi ndi wotetezedwa ndi lamulo la Zambia la 1994 nyimbo yake ikamagulitsidwa ku Chipata. Kumeneko ntchito yotolera ndalama za oimba imagwiridwa ndi bungwe la Zambia Music Copyright Protection Society, lotchedwa Zamcops mwachidule. Nako chitetezo chimatha patapita zaka 50 wopeka atamwalira.

Maiko ena ali ndi zaka zochulukirapo. Ku Britain ndi maiko a mu European Union ndi zaka 70. Choncho kwaya yomwe yajambula nyimbo yomwe kuno idamasuka kale n'kuiika pa YouTube isadabwe ikalandira uthenga woti kwina nyimboyo idakali ndi mwini.

Anthu a m'malire amadziwanso bwino chitsanzo cha nyimbo yomwe idasinthidwa n'kupeza moyo watsopano. Chuni cha nyimbo ya fuko la Zambia chidachokera ku Nkosi Sikelel' iAfrika, yomwe mphunzitsi wa sukulu ya mishoni pafupi ndi Johannesburg, Enoch Sontonga, adapeka mu 1897, ndipo adailemba mu solofa yomweyi. Sontonga adamwalira mu 1905. Pomwe Zambia inkalandira ufulu mu 1964 n'kuti patapita zaka 59. Tanzania nayo idatenga chuni chomwecho, ndipo dzina la Sontonga silidafufutike.

Nanga nyimbo za makolo?

Mchinji ndi kwawo kwa Gule Wamkulu, chimtali ndi ingoma. Nyimbo za magule amenewa palibe angaloze chala kuti adapeka ndi uje. Kodi ndiye kuti aliyense angathe kuzitenga?

Lamulo la Malawi lili ndi yankho lake. Luso la makolo, monga nyimbo, magule, nthano ndi miyambi, umwini wake uli m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse, ndipo sutha ndi zaka. Anthu a m'mudzi akamaimba pa dambwe, pachinamwali, paukwati kapena pamaliro safunika kupempha munthu aliyense. Koma wofuna kutenga nyimbozo kuti akapangire ndalama kunja kwa mwambo wake ayenera kupeza chilolezo.

Mfundoyi idakula mphamvu bungwe la Unesco litalengeza mu 2005 kuti Gule Wamkulu ndi chimodzi mwa zikhalidwe zamtengo wapatali padziko lonse, m'dzina la maiko atatu: Malawi, Zambia ndi Mozambique. Mphunzitsi wa kwaya yemwe watenga nyimbo ya chimtali n'kuisanja m'mawu anayi ali ndi gawo lake pa kasanjidweko, koma asalembe papepala kuti adapeka ndi iye. Alembe kuti ndi nyimbo ya makolo yomwe iye wangoisanja.

Misozi ya Linda, manyazi a ku Chicago

Wofuna kumvetsa kuopsa kotaya umwini wa nyimbo amve nkhani ya Solomon Linda wa ku South Africa. Mu 1939 iye ndi gulu lake la Evening Birds adajambula nyimbo yotchedwa Mbube ku kampani ya Gallo mumzinda wa Johannesburg, ndipo adalandira mashereni 10. Nyimboyo idawoloka nyanja. Ku America gulu la Weavers lidaisintha n'kuitcha Wimoweh, ndipo mu 1961 gulu la Tokens lidaitulutsa ndi mawu atsopano pa mutu wakuti The Lion Sleeps Tonight. Mu 1994 idamveka mu filimu ya The Lion King.

Linda adamwalira mu 1962 ali mmphawi. Mtolankhani Rian Malan atalemba nkhaniyi m'magazini ya Rolling Stone mu 2000, dziko lidadzidzimuka. Mlandu udalowa m'khoti mu 2004, ndipo mu 2006 mbali ziwirizi zidagwirizana kuti banja lake lilandire ndalama komanso kuti dzina lake lizitchulidwa ngati mmodzi mwa opeka nyimboyo. Apa n'kuti patapita zaka 44 mwini wake ali m'manda.

Matchalitchi nawo adalawako mkwiyo wa opeka nyimbo. Mu 1976 kampani yosindikiza nyimbo zauzimu ya F.E.L. Publications idasumira arkidayosizi ya Katolika ya Chicago ku America chifukwa maparishi ake ankakopera nyimbo za kampaniyo m'timabuku todzipangira okha. Mu 1984 khoti lidalamula kuti mpingowo ulipire madola pafupifupi 190,000 pa mlandu wokoperawo. Nkhaniyi idagwedeza mipingo yambiri, ndipo mu 1988 kudabadwa bungwe la Christian Copyright Licensing International, lomwe limapatsa matchalitchi chiphaso chimodzi cha pachaka chowalola kukopera mawu a nyimbo zambirimbiri, ndalama zake n'kumapita kwa opeka.

Kuchoka pa kaseti kufika pa foni

Pepala la solofa ndi mbali imodzi chabe ya vutoli. M'zaka za m'ma 1990 ndi 2000, makwaya ngati Katawa Singers, Ndirande Anglican Voices ndi Great Angels ankadalira malonda a makaseti ndi ma CD, ndipo Cosoma inkamata kachizindikiro konyezimira pa chimbale chilichonse chovomerezeka kuti ogula asiyanitse chenicheni ndi chakuba. Kenako m'misika mudadzaza anyamata a makompyuta obena nyimbo, omwe amathira zimbale zambirimbiri pa fulashi kapena memory card pa mtengo wosakwana wa chimbale chimodzi. Malonda a zimbale adalowa pansi.

Pofuna kupukuta misozi ya aluso, lamulo la 2016 lidabweretsa kamsonkho pa zipangizo zosungira nyimbo monga mafoni, mafulashi ndi makompyuta. Ndondomeko zake zidatuluka mu 2018. Bungwe la Malawi Revenue Authority ndilo limatolera ndalamayi katundu akamalowa m'dziko, m'zipata ngati cha Mchinji, n'kuipereka ku Cosoma kuti igawire eni luso. Foni iliyonse yolowa kudzera njira zozemba imamana woimba gawo lake.

Koma kamsonkhoka ndi chipukutamisozi pa kukopera komwe munthu amachita pa zake yekha. Sikapatsa aliyense ufulu wogulitsa nyimbo za ena kapena kumwaza mapepala awo pa WhatsApp. Komanso ndalamayi imafika kwa okhawo amene ali m'kaundula wa Cosoma. Mphunzitsi wa kwaya wa kumudzi yemwe nyimbo zake zikuimbidwa m'maboma asanu, koma sadalembetse, palibe chomwe amalandira.

Nkhani ya Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, yemwe adabadwa mu 1930, idatsegula maso a ambiri. Nyimbo yake ya Linny Hoo, yomwe adaimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020, idafala pa TikTok n'kumvedwa kambirimbiri m'maiko akutali, pomwe mwini wake adalibe n'komwe foni yoonera zimenezo. Kutchuka kwa nyimbo ndi kwina, ndalama kufika m'thumba la mwini ndi kwinanso.

Kodi nyimbo ya Mulungu amagulitsa?

Mtsutso waukulu m'matchalitchi wagona apa. Ena amati luso lopeka nyimbo ndi mphatso yochokera kumwamba, ndiye wolandira mwaulere aperekenso mwaulere. Amati kwaya ya kumudzi, yomwe imasonkherana timakobiri kuti igule yunifolomu, singakwanitse kugula mapepala 40, ndipo ku Mchinji kulibe sitolo yomwe mungapezeko nyimbo za makwaya zosindikizidwa bwino. Mfundozi n'zomveka.

Koma mpingo womwewo umalipira mmisiri womanga tchalitchi, kalipentala wokhoma mabenchi, telala wosoka yunifolomu ndi mwini lole yonyamula kwaya popita ku fesitivo. Ngakhale mwini makina a fotokope amalandira yake pa pepala lililonse. Pa mndandanda wonsewu, yekhayo wotuluka chimanjamanja ndi amene adapeka nyimbo yomwe yasonkhanitsa anthuwo.

Chinanso n'chakuti lamulo silikakamiza wopeka kugulitsa. Ngati akufuna kupereka nyimbo yake ngati chopereka kwa Mulungu, ali ndi ufulu wonse, ndipo ambiri amatero mokondwa akapemphedwa. Kusiyana kwake n'kwakuti chopereka amapereka ndi mwini. Munthu sangalowe m'khola la mnzake, kugwira nkhuku n'kukaipereka ku tchalitchi m'dzina lake.

Kuimba pa mapemphero kapena pamaliro si kumene kumakanganitsa anthu. Mikangano imabuka ndalama zikalowapo: kwaya ikajambula chimbale, ikalipiritsa pakhomo, ikapambana mphotho ya fesitivo kapena ikaika kanema pa intaneti. Kwaya ikhoza kusonkha ndalama chaka chathunthu, kulipira situdiyo ku Lilongwe, kenako mwini nyimbo n'kutulukira chimbale chili kale pamsika. Pamenepo chimbale chikhoza kuletsedwa, ndalama n'kulowa m'madzi, ubale wa mipingo n'kusokonekera. Paja nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.

Njira yopewera zonsezi si yodula. Mphunzitsi wa kwaya afufuze mwini nyimbo asadayambe kuiphunzitsa, ndipo masiku ano foni imodzi yokha imakwanira. Chilolezo chikaperekedwa chilembedwe, ngakhale pa kapepala ka m'kope, chonena ngati ndi choimba chabe, chochulukitsa mapepala, chomasulira kapena chojambula chimbale, ndipo mbali zonse zisayinire pamaso pa mboni. Dzina la wopeka, womasulira ndi wosanja mawu lilembedwe pa pepala lililonse ndi pa chikuto cha chimbale. Mwini akasowa, a Cosoma angathe kuthandiza kumufufuza, kuno kapena kudzera kwa anzawo a kunja.

Opeka nyimbo nawo adzithandize. Alembe dzina ndi chaka pa nyimbo iliyonse, asunge pepala loyambirira pamalo abwino, akalembetse ntchito zawo ku Cosoma, ndipo auze akazi kapena amuna awo ndi ana kuti nyimbozo ndi chuma cha banja. Okonza mafesitivo m'mapresibiterio ndi m'madinale angathe kuika lamulo loti kwaya iliyonse itchule mwini nyimbo isadayambe kuimba, komanso kupatula kangachepe pa ndalama za pakhomo kopita kwa amene adapeka nyimbo ya mpikisano.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Kwaya yomwe yafunsa kaye imaimba ndi mtima pansi, ndipo wopeka yemwe wamva dzina lake likutchulidwa pamaso pa gulu amabwerera kunyumba ali ndi mphamvu zokapeka ina.